Kujambula ukwati m'chilimwe cha ku Chigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Ndimajambula maukwati kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuyambira ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka. Mafunso amene akwati ndi makomiti awo amandifunsa ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Muona kuti ambiri akuzungulira pa dzuwa. Kwathu kuno pulogalamu ya ukwati imene sinaganizire dzuwa imavutitsa akwati, imafoola agogo, ndipo zonsezo zimakaonekera pa chithunzi.

Kodi Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yabwino yochitira ukwati kuno?

Ndi miyezi imene ambiri amasankha, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Thonje ndi chitowe zagulitsidwa, ogwira ntchito ya nzimbe ku Nchalo akadalandira malipiro, ndipo misewu ikadapitika. Mvula ikangoyamba, mitsinje monga Mwanza ndi Thangadzi siidziwika, ndipo alendo a kutsidya la kum'mawa kwa Shire akhoza kulephera kufika.

Koma ndi miyezinso yotentha kuposa ina yonse. Chigwa chathu chili pansi kwambiri: Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene boma la Nsanje silifika ndi pa mamita 100 pomwe. N'chifukwa chake ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40 masiku ambiri a miyezi imeneyi. Mlendo wochokera kumtunda amayamba kukumva akangotsika zigwembe za msewu wa M1 n'kufika pa Thabwa. Ngati tsiku simunasankhe, ganizirani Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Ngati mwasankha kale Novembala, musadandaule, n'zotheka ndithu. Madzulo a chilimwe ali ndi kukongola kwawokwawo: utsi wa lupsa ndi fumbi zimafiiritsa dzuwa likamalowa, ndipo kuwala koteroko simungakupeze mu Juni.

Nanga zithunzi za akwati awiri tijambule nthawi yanji?

Funso ili ndilo lenileni, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Pulogalamu yozolowereka imayenda chonchi: kutchalitchi 9 koloko m'mawa, kutuluka cha m'ma 11, zithunzi masana, kenako madyerero kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Ndiye kuti zithunzi zimene mudzapachike pakhoma moyo wanu wonse zapatsidwa nthawi yoipitsitsa pa tsiku lonse. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni kuno kwathu, moti munthu amaponda mthunzi wake womwe. Kuwala kukamatsika molunjika chotero, maso amalowa mumdima, pansi pa mphuno pamada, pamphumi pokha n'kumanyezimira. Akwati amatsinzina, ana amalira, ndipo deresi loyera limasanduka chigamba chopanda maluwa ake.

Ine ndimapempha mipata iwiri. Woyamba ndi wa m'mawa, pakati pa 6 ndi 7 koloko, mkwatibwi akumaliza kuvala. Kumakhala kukadali kozizirako, zodzola zili zatsopano, ndipo kuwala kolowera pa zenera kapena pakhomo n'kofewa. Apa ndi pamene ndimapeza mayi akukonza velo ya mwana wawo, azakhali akumunong'oneza mawu, bambo ataima chapatali osafuna kuti tione kuti maso awo anyowa.

Wachiwiri ndi wa madzulo, cha m'ma 5 koloko. Ndimangofuna mphindi 20, akwati awiri okha, opanda gulu. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo likalowa mdima suchedwa. Tikachedwa ndi theka la ola, mwayi wapita. Vuto ndi lakuti nthawi imeneyi perekani-perekani amakhala ali pachimake, ndipo palibe wapampando wa komiti amene amakondwa kuona akwati akutuluka ndalama zikadagwa. N'chifukwa chake nkhaniyi tiyenera kuikambirana kukadali milungu, pamodzi ndi wapampando ndi MC, kuti ilowe mu pulogalamu yolembedwa. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Wojambula amene mwamuuza pulogalamu Lachisanu usiku sangasinthenso kanthu.

Komiti yakana kusintha. Zithunzi zathu ziipa basi?

Ayi. Tifunafuna mthunzi wokhuthala: khonde la tchalitchi, khoma lalitali, mtengo wa mango kapena wa nimu wa masamba othinana. Mtengo wa masamba apatalipatali ndimaupewa, chifukwa umasiya mawanga a dzuwa pankhope ngati munthu wavala chikopa cha nyalugwe, ndipo mawanga amenewo sachoka pa kompyuta. Kukasowa mthunzi ndimakuimikani dzuwa lili kumbuyo kwanu, n'kuwalitsa nkhope ndi fulashi ya kamera kapena ndi nsalu yoyera yobweza kuwala. Ambulera yoyera imathandizanso, ndipo imakongola m'manja mwa mkwatibwi.

Chimodzi chimene okongoletsa malo saganizira: tenti ya nsalu yofiira, yobiriwira kapena ya buluu imapaka mtundu wake pankhope za onse okhala pansi pake. Pamwamba pa tebulo la akwati pakhale nsalu yoyera. Mitundu ya ukwati wanu ikhale m'mbali ndi pa mipando.

Zithunzi za pabanja zimatenga nthawi. Tingafulumize bwanji?

Lembani mndandanda, ndipo mundipatse munthu mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi amene amadziwa abale onse ndi mayina awo. Ine sindingadziwe kuti awa ndi amalume enieni, awa ndi apongozi a achemwali anu.

Ndipo tiyambe ndi okalamba. Izi sindinyengerera. Agogo asaimirire padzuwa kudikira kuti operekeza akwati amalize masitayilo awo. Tiwapatse mpando pamthunzi, tiwajambule ndi akwati, tiwajambulenso okha, akapume. Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, anthu akabweranso kudzandipempha chithunzi chakale, kawirikawiri sichikhala cha keke kapena cha galimoto. Chimakhala cha agogo, chifukwa kwagwa zovuta ndipo chithunzi chawo chabwino ndi chokhacho cha pa ukwati uja.

Thukuta ndi zodzola, titani nazo?

Mkwatibwi akhale ndi mnzake mmodzi wonyamula madzi akumwa, kansalu kofewa ndi paudala. Thukuta musapukute mokhula, muzingogunditsa kansaluko pankhope. Wodzoza zodzola asankhe mtundu wofanana ndi khungu lanu. Akasankha wowalirapo, fulashi imauonetsa ngati phulusa, nkhope n'kusiyana ndi khosi.

Akwati aamuna, bweretsani malaya awiri ofanana. Oyamba adzanyowa musanatuluke m'tchalitchi. Valani vesiti mkati, ndipo jekete muzivula pamene sitikujambula. Suti yopepuka ya mtundu wowala imapirira dzuwa la ku Bangula kuposa yakuda yokhuthala.

Madzi musawaope. Akwatibwi ena sakumwa chilichonse kuyambira m'mawa poopa kuvutika ndi deresi kuchimbudzi, ndipo ndinaonapo woperekeza akugwa chikomokere pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha zomwezi. Ana onyamula maluwa ndi mphete ndi amene amafooka msanga; akhale ndi munthu wowayang'anira. Keke nayo ndimaijambula ikangofika, isanayambe kusungunuka, ndipo maluwa enieni asungidwe m'ndowa ya madzi pamthunzi mpaka nthawi yake.

Mungandiyeretseko khungu pokonza zithunzi?

Chiphuphu chimene chatuluka m'mawa wa ukwati ndichotsa. Kunyezimira kwa thukuta ndichepetsa. Koma mtundu wa khungu lanu sindisintha, ndipo ndikupemphani kuti musalole wina aliyense kuusintha.

Ndikudziwa kumene pempholi limachokera. Ambiri anajambulidwapo chithunzi chimene nkhope inada bii, maso ndi mano okha n'kumaoneka, ndiye amaganiza kuti vuto ndi khungu lawo. Vuto linali la wojambula. Kamera ikaona deresi loyera padzuwa imadzichepetsera kuwala yokha, nkhope n'kumira mumdima. Wodziwa ntchito amayeza kuwala potengera nkhope, amateteza deresi kuti lisapse, ndipo amajambula mwa RAW, njira imene imasunga zonse zimene kamera yaona kuti pokonza pakhale potambasukira. Khungu lakuda likalandira kuwala kwa 5 koloko madzulo limawala ngati mkuwa wopukutidwa. Ana anu adzafuna kuona mayi awo pa chithunzicho, mayi amene akuwadziwa.

Malo abwino ojambulirako ndi ati kuno ku chigwa?

Tili nawo ambiri kuposa mmene timaganizira. Mlambe waukulu, akwati ataima patsinde pake dzuwa likulowa, ndi chithunzi chimene a ku Blantyre amachita kuyendera ulendo. Migwalangwa ya kufupi ndi Dambo la Njovu imaoneka bwino ikakhala mdima kutsogolo kwa thambo lofiira. Pa zigwembe za M1 pali malo amene chigwa chonse chimaoneka pansi, Shire akukhotakhota pakati, koma msewu ndi wopapatiza ndipo malole amatsika atalemedwa, ndiye timaima pokhapokha pamene galimoto ingapatuke bwino.

Ku Majete, kumene kuli mathithi a Kapichira, ndi ku Lengwe kufupi ndi Nchalo, kumalowedwa ndi ndalama ndipo kuli malamulo ake. Ku Majete kuli mikango ndi njovu; simungatsike galimoto paliponse mwafuna. Lankhulani ndi oyang'anira malowo kukadali nthawi, ndipo kungakhale bwino kupitako tsiku lina, osati la ukwati lenilenilo. Minda ya nzimbe ili ndi eni ake, timayamba tapempha.

M'mbali mwa Shire ndimajambula tili pamtunda. Zoti mkwatibwi aviike mapazi m'madzi kapena akwere bwato atavala deresi ndimakana, chifukwa ng'ona za mumtsinje uno tonse tikuzidziwa. Malo opatulika monga Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, ndi misitu ya kumanda, si malo ojambulirako ukwati ngakhale mitengo yake ikongole bwanji.

Koma mukandifunsa kumene mtima wanga uli, ndi pakhomo pamene munakulira. Khonde la amayi, ngolo ya abambo, ng'ombe zikubwerera kukhola fumbi lili kobo kumbuyo kwanu. Holo yokongoletsedwa ndi yofanana kulikonse m'Malawi muno. Pakhomo panu palibe pena pofanana napo.

Mumajambulanso chinkhoswe ndi miyambo ya kumudzi?

Kwambiri, ndipo nthawi zambiri zithunzi za chinkhoswe zimaposa za ukwati woyera, chifukwa anthu amakhala omasuka. Kusinthana kwa tambala ndi msoti pakati pa ankhoswe, kupereka khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, kuseka kumene kumabuka akavundukula nsalu n'kupeza kuti wobisikayo si mwini wake, zonsezi zimachitika kamodzi ndipo sizibwerezedwa. Kukakhala magule monga ulimba, utse kapena likhuba, mundiuziretu kuti ndipeze poima bwalo lisanadzaze.

Chigwa chino ndi cha Asena ndi Amang'anja, ndipo miyambo yawo ya ukwati siifanana. Kwa Asena kuli malowolo ndipo mkazi amapita kwa mwamuna. Kwa Amang'anja mwambo wakale ndi wa chikamwini, ndipo amalume a mkazi ali ndi mawu aakulu. Masiku ano mabanja ambiri ndi osakanikirana, ndiye sindiganizira ndekha. Ndimafunsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti ndi pati pamene kamera ikuloledwa. Zokambirana za malowolo mabanja ena safuna kuti zijambulidwe. M'nyumba ya chilangizo sindilowa, ndipo wothandizira wanga salowanso. Safunsa anadya phula.

Nanga m'tchalitchi kapena kumzikiti?

Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake, ndipo ndimakaonana ndi ansembe, abusa kapena ashehe mwambo usanayambe. Ena salola fulashi, ena salola kuyandikira guwa, ndipo pa Misa pali nthawi imene wojambula ayenera kukhala chete pamalo amodzi. Ndimatsatira. Ndi bwino kutaya chithunzi chimodzi kusiyana ndi kusokoneza pemphero la ukwati wanu. Chimene ndimapempha n'chakuti povekana mphete ndi posaina kalata ya ukwati musathamange, ndipo mkono usatchinge dzanja la mnzanu.

Pali ukwati umene mungakane kujambula?

Ulipo: wa mwana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso chozembera. M'maboma athu awiriwa atsikana ambiri asiyira sukulu panjira chifukwa cha maukwati otere. Ndikakayika msinkhu wa mkwatibwi ndimafunsa, ndipo ngati ndi mwana, kamera yanga siituluka m'chikwama.

Pa perekani-perekani anthu amadzaza kutsogolo ndi mafoni. Mumatani?

Sindilimbana nawo, ndi abale anu ndipo akusangalala. Ndimangopempha MC alengeze kuti panjira yolowera akwati, podula keke ndi povina koyamba pasakhale wotchinga. Perekani-perekani weniweniyo ndimamujambula ndili pakati pa gulu, nthawi zina nditakwera pampando, chifukwa kukoma kwake ndi piringupiringu yemweyo: azimayi a mpingo atavala nsalu imodzi, anzake a mkwati akuponya ma K500 m'mwamba, agogo akumasula mfundo ya nsalu kuti atulutse K200 imene anasunga mwezi wonse. Chomalizachi ndimachisaka pa ukwati uliwonse.

Za ojambula ongobwera, amene amatola alendo pakhomo n'kukatsuka zithunzi mwachangu kuti agulitse madyerero asanathe, komiti igamule. Nawonso akufuna chakudya cha ana awo. Ngati mwawalola, agwire ntchito panja. Kutsogolo kukhale kwa amene mwamulemba ntchito.

Kamera sizivutika ndi kutenthaku?

Zimavutika. Opanga makamera ambiri amalemba kuti zigwire ntchito mpaka madigiri 40, ndipo kuno timadutsa pamenepo. Yojambula kanema ndi imene imatentha msanga n'kuzima yokha. Choncho funsani aliyense amene mukufuna kumulemba ntchito: ali ndi makamera angati? Mabatire angati, poti magetsi akhoza kuthima usiku wonse wa Lachisanu? Kodi kamera yake imasunga zithunzi pa memori khadi ziwiri nthawi imodzi? Fumbi nalo ndi mdani. Kamvuluvulu mmodzi akadutsa pabwalo ukusintha lenzi, zithunzi zonse zotsatira zimakhala ndi madontho. Wobwera ndi kamera imodzi ndi batire limodzi akuika ukwati wanu pachiswe.

Drone, kandege kakang'ono kojambulira m'mwamba, imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo kumalo osungirako nyama siiuluka popanda kuvomereza kwa eni malowo. Amene akukulonjezani zithunzi za m'mwamba akuonetseni chilolezo chake.

Mtengo wake ndi wotani?

Sindilemba nambala pano chifukwa mitengo siikhazikika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala otsukira zithunzi, mabatire ndi mafuta zonse zinakwera. Chimene ndingakuuzeni ndi zimene zimapanga mtengowo: maola, chiwerengero cha ojambula, ngati mukufunanso kanema, alubamu ndi mafelemu, komanso mtunda. Ukwati wa ku Muona kapena ku Makhanga sungafanane ndi wa pa Nchalo, chifukwa ulendo wake umafuna kugona konko.

Gwirizanani polemba, ngakhale pa pepala limodzi: tsiku, maola, zithunzi zingati, mudzalandira liti, mwapereka zingati, zatsala zingati. Mukatumiza dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthengawo. Ndipo musanalipire, pemphani kuona ukwati umodzi wathunthu umene munthuyo anajambula masana a chilimwe, osati zithunzi zisanu zosankhidwa za pa Facebook.

Ndalama zatichepera. Foni ya mlamu wanga siikwana?

Mafoni a masiku ano amajambula bwino kunja, pamthunzi. Amalephera m'tchalitchi mwamdima, pa anthu ovina, ndi padzuwa la paliwombo. Ngati thumba lavuta, lembani wojambula kwa maola atatu okha, a kutchalitchi ndi a zithunzi za pabanja, zotsalazo alamu anu athandize. Apukute galasi la foni, asakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire koma ayandikire okha, ndipo tsikulo asakhale ndi ntchito ina ya kukhitchini kapena yolandira alendo.

Zithunzi tidzalandira liti, ndipo tizisunge bwanji?

Zochepa ndimatumiza pasanathe masiku awiri kuti muonetse abale akutali, a ku Johannesburg kapena ku Beira. Zonse zimatenga milungu ingapo, chifukwa chilichonse ndimachikonza pachokha, ndipo m'chilimwe Loweruka lililonse limakhala ndi ukwati. Wina akamakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati document. Akatumiza mwa nthawi zonse chithunzi chimafinyidwa, ndipo mukadzafuna kuchikulitsa chidzaoneka chophwanyikaphwanyika.

Za kasungidwe ndikupemphani mumvetsere, chifukwa ife a kuchigwa tili ndi chifukwa chimene a kumtunda alibe. Madzi anatipeza mu Januwale 2015, anabweranso mu Malichi 2019, kenako namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Pothawa madzi usiku munthu amanyamula mwana ndi chofunda. Alubamu imatsala. Ngakhale chaka chopanda madzi osefukira, chiswe ndi chinyezi cha dzinja zimadya zithunzi zili m'sutikesi.

Choncho zikhale malo atatu. Zotsuka zikhale m'pulasitiki yotseka bwino, pamwamba, osati pansi pa bedi. Zina zikhale pa flash disk imene mwasungitsa kwa m'bale wokhala kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre. Ndipo zonse zikwezedwe pa intaneti, pa Google Drive kapena malo ena otero, pa akaunti imene nonse awiri mukudziwa mawu ake achinsinsi. Foni yokha si nkhokwe. Imabedwa, imagwera m'madzi. Funsaninso wojambula wanu kuti iye amasunga zithunzi kwa zaka zingati.

Patatha miyezi iwiri Freddy atadutsa, kunabwera mayi wina wa kutsidya la kum'mawa amene ndinajambula ukwati wake zaka zinayi m'mbuyomo. Nyumba inapita ndi zonse zinali momwemo, ndipo amayi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Anandifunsa motsitsa mawu ngati mwina ndikadali ndi chithunzi ngakhale chimodzi chimene amayiwo akuonekapo. Tinakhala pa kompyuta, ndinatsegula ukwati wake, ndipo tinapeza zithunzi 14. Pa china amayi ake akumumanga mpango m'mawa uja, kuwala kwa pakhomo kuli pankhope zawo onse awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anathokoza m'Chisena, "Takhuta." Ndinamutsukira ziwiri za chithunzi chimenecho, china cha iye, china choti akasungitse kwa mchimwene wake ku Limbe.